Maliro Achiwiri a Bambo Estevão Mtambalika

Malemu bambo Estevão Juliasi Mtambalika anabadwa pa 17 Meyi 1950 m'mudzi uno wa kwa Matuta, ku Ngauma, m'nyumba yomwe inali pamalo pomwe a kwaya aimapo. Anali achitatu mwa ana asanu a bambo Juliasi Mtambalika ndi mayi Olinda. Atisiya pa 11 Ogasiti chaka chino cha 2002. Ambiri mwa inu mukukumbukira kuti anamwaliranso mu 1986, ndipo nyemba za maliro amenewo munadya nawo. Musadandaule, mbiriyi ifika pamenepo.

Ine ndine Nelito, mwana wa mlongo wawo. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri, malemu anandiuza zoti ndiwerenge, ndipo ziwirizi sizikufanana kwenikweni. Ndatsatira eni maliro, amene agona m'bokosiwa. Chiyambireni kubwerera kwawo kuchokera ku Malawi, amalume anapempha chinthu chimodzi chokha m'mudzi muno, gitala yawo, ndipo sanailandire. Amasiye anena kuti bokosi ili silinyamuka pano nkhani imeneyo isanathe. Choncho amene mwabwera mothamanga, khalani bwino pamipando.

Mu 1957 banja linasamukira ku Cuamba, komwe nthawi imeneyo kunkatchedwa Nova Freixo, chifukwa agogo athu a Juliasi anapeza ntchito ya njanji. Malemu analowa sukulu ya mishoni ndipo anamaliza kalasi yachinayi, yomwe kwa mwana wakuda inali denga. Kumishoniko anaimbako kwaya kwa miyezi yochepa. Anawachotsa chifukwa chogogoda benchi ndi zala pa nthawi ya nyimbo yachisoni. Kumeneko kunali kuchotsedwa kwawo koyamba mumpingo chifukwa cha nyimbo, ndipo anali asanamve n'komwe nyimbo zomwe pambuyo pake munawada nazo.

Anazimva mu 1964. Amayi awo anawatuma palafini kusitolo ya mmwenye wina pafupi ndi siteshoni, masana dzuwa likuswa mtengo. Pakhonde la sitoloyo panali wailesi, ndipo tsiku limenelo mphepo inali yabwino moti inakoka siteshoni ya ku Lourenço Marques. Munatuluka nyimbo ya magitala amagetsi ndi ng'oma zothamanga, yomwe azungu ankaitcha roko, a m'tauni n'kumati yeye. Malemu ankati zinali ngati sitima yalowa m'siteshoni mabuleki osagwira, koma anthu onse ali m'katimo akuseka. Anaima pomwepo ndi botolo m'manja mpaka mwini sitolo anatseka. Kunyumba anabwerera opanda palafini, anakwapulidwa, ndipo m'mawa mwake anapempha kuti awatumenso.

Chingerezi sankachidziwa, ndipo mpaka imfa yawo sanachiphunzire. Mawu a nyimbozo ankawaloweza monga momwe mwana amalowezera kulira kwa mbalame. Nditapita kusukulu yaukachenjede ku Maputo ndinayesa kuwamasulirira imodzi yomwe ankaikonda kwambiri. Anandiletsa ndili pakati. Anati, "Iwe mphwanga, zaka zonsezi ndimayesa munthuyu akulira dziko lake, iwe ukuti akulira mtsikana wamukana kuvina? Siya, usandiwonongere."

Mu 1967 anayamba ntchito ku ofisina ya njanji, kumene amakonzera ngolo za sitima. Chaka chomwecho, iwo ndi anzawo atatu anayambitsa gulu loimba lotchedwa Os Travões, ndiye kuti Mabuleki. Woimba ng'oma anali bambo Assane, awo akhala kumbuyo ndi chipewa choyera, omwe lero ndi amalonda olemekezeka ku Mandimba koma nthawi imeneyo ankamenya zitini za mafuta zokutidwa ndi chikopa cha mbuzi. Madisiko ankabwera ndi ogwira ntchito m'sitima yochokera ku Nacala, atakulungidwa m'malaya. Disiko imodzi inkazungulira nyumba khumi mpaka singano itaiboola. Anyamata ankakulitsa mathalauza kumunsi ndi nsalu ya matumba a ufa, tsitsi n'kulipesa ndi foloko. Lamlungu masana ankaimba kukalabu ya anthu a njanji.

Pali achikulire ena amene akakumbuka zaka zimenezo amati dziko linali lokoma. Malemu sankanama choncho. Kukalabuko ankalowera khomo la kukhitchini, ndipo anthu omwe ankavina nyimbo zawo sakanawalola kukhala nawo patebulo limodzi. Ankati, "Nthawi inali yoipa, nyimbo zinali zabwino, ndipo ife tinali ndi mawondo." Chomwe ankachisowa si atsamunda. Ankasowa masana aja, pomwe mnyamata wonunkha girizi ankagunda nsambo imodzi, chipinda chonse n'kunyamuka.

Mu 1969 anapeza gitala yamagetsi yofiira kwa msilikali wachipwitikizi yemwe ankabwerera kwawo. Anasinthanitsa ndi njinga. Njingayo inali ya bambo awo, ndipo bambo awo anadziwa za malondawo m'mawa wotsatira pomwe ankafuna kupita kuntchito. Gitalayo malemu ankaitcha viola, monga amanenera a m'tauni. Ndikupempha kuti zinthu ziwiri zotsatirazi muzisunge, chifukwa zifunika kutsogoloku. Choyamba, mu 1971 gitalayo inagwa kuchokera pa ngolo ya sitima, ndipo kuyambira pamenepo nsambo yachitatu inkalira ndi kamawu kena pansi pake, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Chachiwiri, pa kugwako kanathothoka kotembenuza kokwezera mawu. Mtsikana wina wa ku Lúrio, yemwe ankabwera kudzaonerera pawindo la kukhitchini, anadula batani lamkuwa pa jekete ya njanji ya malemu n'kuwauza kuti alimate pamenepo. Batanilo lili ndi chithunzi cha gudumu la sitima.

Mtsikanayo ndi mayi Otília, omwe akhala pafupi ndi bokosiwa. Anakwatirana pa 8 Seputembala 1973. Mkulu wawo wa malemu, amalume a Samsoni, anabwera kuukwatiwo ndipo anatuluka mokwiya gulu litangoyamba kuimba. Mbiri ikufuna kuti ndinene kuti anatuluka atadya kale.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, malemu anavina nawo mumsewu ngati wina aliyense. Mu 1977 anawaitanira kumsonkhano wa m'dera n'kuwaimika kutsogolo monga chitsanzo cha munthu wovunditsidwa ndi zakunja. Anawameta tsitsi pagulu, mathalauza n'kuwang'amba ndi lumo mpaka m'mawondo. Wogwira lumo anali mlembi wa chipani m'deralo, amalume a Samsoni. Nthawi imeneyo anali asanakhale mkulu wa mpingo, pakuti Mulungu sankaloledwa kwenikweni, ndiye iwo ankatumikira amene analipo. Anauza mng'ono wawo pamaso pa anthu kuti, "Gitala ya dziko latsopano ndi khasu." Mawu amenewonso muwasunge. Sabata yomweyo mayi Otília anakulunga gitala ija m'kapulana, chitenje chathu chija, n'kuibisa m'thumba la chimanga, n'kubwera nayo kuno kumudzi komwe anaipachika kudenga.

Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Ricardo mu 1975 ndi Vânia mu 1979. Nkhondo itayamba kuyandikira tauni, malemu anatumiza banja kuno, iwo n'kutsala pa ntchito.

Mu Okutobala 1986 sitima yomwe malemu anakwera inawomberedwa m'tchire kuvuma kwa Cuamba. Ena anafa, ena anatengedwa ndi anthu a mfuti kuti azikasenza katundu. Malemu anali m'gulu la otengedwa. Zingwe zomwe ankawamanga nazo zinapha zala ziwiri za dzanja lawo lamanzere, dzanja logwira nsambo. Patapita miyezi anathawa, nawoloka madambo a kunyanja ya Chiuta mpaka analowa m'Malawi, komwe anawaika kumsasa wa othawa nkhondo. Kuno kunafika uthenga wakuti palibe wapulumuka.

Tsopano tafika pa maliro oyamba. Munachita monga mwambo umanenera thupi likasowa: munadula thunthu la nthochi, munalikulunga m'nsalu, munalilira, ndipo munaliika m'manda. Pa zimenezo palibe wolakwa. Koma amalume a Samsoni, omwe pofika chaka chimenecho anali atapezanso Mulungu, anaonjezerapo lamulo lina. Anati gitala ija iyenera kupita limodzi ndi thunthulo, apo ayi mzimu wa malemu uzidzabwera kudzaifuna ndipo ana sadzagona. Mayi Otília anakwera pampando, anaitsitsa kudenga ndi manja awo, n'kuipereka. A Samsoni analowa nayo m'nyumba okha, ati akazi ndi ana sayenera kuona, ndipo anatuluka ndi mtolo wa mphasa, wautali, wotambalala mbali imodzi. Mtolowo unatsikira m'dzenje anthu onse akuona. Ulaliki wa tsikulo unali wakuti munthuyu wafa monga anakhalira, m'phokoso.

Mu 1987 mudzi uno unawotchedwa, ndipo nonse munathawira mbali ya ku Namwera. Malemu anali kumsasa wina kum'mwera, osadziwa kuti banja lawo lili m'dziko lomwelo, banja nalonso osadziwa kuti akufa awo akuima pamzere wa ufa. Mayi Otília anali atametedwa ndi kusudzulidwa monga mwa mwambo, ndipo amuna angapo, ena muli pompano, anayesa mwayi. Anawayankha kuti mwamuna mmodzi woimba ndi wokwanira moyo wonse.

Mtendere utabwera, mudzi unabwerera mu 1993. Mu Seputembala chaka chimenecho, anthu ali pa ntchito youmba njerwa, njinga yochokera ku Mandimba inatsitsa munthu woonda pa mtengo wa mango uli apowo. Amene lero mukulira mokweza kwambiri ndi amene munathamanga kwambiri tsiku limenelo. Zikombole zinatayidwa, amayi ena anasiya mwana pa dothi. Kenako munabwerera ndi phulusa n'kuwawaza kuchokera patali, kuti ngati ndi mzukwa usungunuke. Malemu anangoima, ali mbuu, akutsokomola. Munthu yekhayo amene anawayandikira ndi mayi Otília. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Mwachedwa, bambo a Ricardo. Ndipo mwaonda."

Atasamba ndi kudya, funso lawo loyamba linali lakuti, "Viola yanga ili kuti?" Anawaperekeza kumanda n'kuwalozera mtanda wolembedwa dzina lawo. Anawerenga, anayang'ana mitengo, n'kunena kuti, "Mwandisankhira pabwino, pali mthunzi. Tsono ndibwerekeni khasu, ndichotse katundu wanga." Apa amalume a Samsoni anatulutsa lamulo lachiwiri. Anati munthu wamoyo akafukula manda ake, imfa yomwe inamuphonya imalowa m'mudzi n'kuyamba kusankha ana. Anthu omwe anali atangoika kumene ana awo kumisasa sakanatsutsa mawu otere, ndipo a Samsoni ankadziwa zimenezo. Mudzi wonse unavomera.

Kuyambira pamenepo munawatcha a Mzukwa. Zimenezi sizilembedwa m'mbiri za maliro, koma ine ndazilemba. Anaumba nanu njerwa za sukulu, anasenza nanu mitengo ya denga la tchalitchi, koma nthawi ya chakudya mbale yawo inkaikidwa payokha. Ana ankaletsedwa kudutsa pakhomo pawo. Wina akadwala malungo, maso ankapita kunyumba kwawo. Ntchito ya njanji inali itatha, ndiye anatsegula kamsasa kokonzera njinga ndi mawailesi pamsika wa ku Mandimba, pafupi ndi sitolo ya bambo Assane. Asilamu a kumeneko ankadya nawo mbale imodzi popanda vuto. Mwina mizukwa imaopsa abale okha.

Zala zija zinali zitauma, moti sakanaimbanso. Anatenga chitini cha mafuta ophikira chomwe anabwera nacho kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo, thabwa, ndi mawaya a mabuleki a njinga, n'kupangira mwana wawo Vânia gitala. Ankamuphunzitsa ndi pakamwa, akuimba kulira kwa nsambo iliyonse, bambo Assane akugogoda tebulo la sitolo. Nyimbo zonse za Os Travões zili m'zala za Vânia. Sanazimvepo zikutuluka m'chinthu china koma chitini.

Pa Pasaka wa 1995 mpingo wa m'mudzi muno unatsegula tchalitchi chatsopano cha malata. Pa tsikulo mkulu wa mpingo, amalume a Samsoni, anaonetsa mphatso yomwe anati yachokera kwa abale achikhristu a ku Malawi: batire ya galimoto, bokosi lokuzira mawu, ndi gitala yamagetsi. Gitalayo inali yobiriwira, mtundu womwewo wa penti ya chitseko cha tchalitchi. Anaipereka kwa mwana wawo Feliciano, yemwe akutsogolera kwaya lero. Palibe amene anafunsa kuti abale a ku Malawiwo ndi ndani, kapena kuti anapeza bwanji penti ya chitseko chathu.

Lamlungu lotsatira malemu, omwe sanapondepo m'tchalitchi chiyambire kumishoni kuja, anabwera ndi kampando n'kukhala pansi pa mango uja, kutsidya kwa msewu. Anatero Lamlungu lililonse kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mvula kapena dzuwa. Mpingo unasangalala. Kuguwa kunkalalikidwa kuti taonani wochimwa uja, Mzimu ukumukoka, watsala ndi msewu wokha kuti awoloke. Munawapempherera mokweza kuti amve. Mwezi womwewo mayi Otília anasiya kwaya popanda kunena chifukwa, ndipo munati mwamuna wawo wawakokera kumdima.

Chaka chilichonse mvula ikatha, malemu ankavala jekete, n'kupita kwa mkulu wawo, n'kupempha mwaulemu kuti awalole kufukula gitala yawo. Chaka chilichonse a Samsoni ankawakhazika pansi n'kuwafotokozera za mwambo, za makolo, ndi za ana osalakwa. Ulalikiwo unkatalika chaka ndi chaka. Malemu ankamvetsera mpaka kumapeto, n'kuthokoza, n'kubwerera kunyumba akuimba mluzu. Ife tinkayesa mutu wawo wayamba kusokonekera.

Mu Juni chaka chino miyendo yawo inayamba kutupa ndipo mpweya unkawathera. Pa 22 Julayi anawagoneka kuchipatala cha ku Cuamba, komwe madokotala anapeza kuti mtima wakula ndipo watopa. Ndinapita kukawaona. Anandiuza kuti nditseke chitseko, n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe umakonda mafunso ovuta. Nali lako. Gitala imodzi ingagone bwanji m'manda, Lamlungu n'kumaimba aleluya?"

Anati anaizindikira pa Pasaka pomwe paja, ali kunyumba kwawo akumata chubu cha njinga. Mphepo inabweretsa nyimbo, ndipo pansi pa nyimboyo munali njuchi ija m'botolo. Sankabwera pansi pa mango kudzalapa. Ankabwera kudzamva gitala yawo. Ndinawafunsa kuti nanga osanena bwanji. Anandionetsa zala zawo. Anati, "Ndikanaitenga n'kuichita chiyani? Batire ndilibe, zala ndilibe. Ikanangopachikika kudenga ngati nyama youma. Uko imalira. Amaimba nayo nyimbo zoyenda ngati ng'ombe yodwala, koma imalira." Za Feliciano anati, "Mwanayo dzanja ali nalo, kungoti amaiopa. Amaigwira ngati akusenda chinangwa cha eni ake." Ndinafunsanso za maulendo aja a chaka ndi chaka kwa a Samsoni. Anaseka mpaka namwino anabwera kudzawadzudzula. Anati, "Munthu wopanda gulu loimba amafunika koonera masewero. Akulu anga amatuluka thukuta pamphuno akamanama. Kuyambira ali mwana."

Panali chifukwa china chomwe sanachiseke. Anati sankafuna kuti mayi Otília adziwe kuti anapusitsidwa pa tsiku lomwe ankalira mwamuna wawo. Mayi Otília anali atakhala pansi pafupi ndi bedi, ndipo tonse tinkayesa akuwodzera. Anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Inu bambo, batani lija ndinadula ndine. Mumayesa ndinasiyiranji kwaya? Ndinkaima kumbuyo kwa Feliciano." Anali atakhala chete zaka zonsezo poopa kuti mwamuna wawo akadziwa, mtima uwaphulikira. Anthu awiri, nyumba imodzi, aliyense akubisira mnzake chinthu chimodzimodzi. Malemu anawayang'ana n'kunena kuti, "Ndiye bwenzi mutabweretsa mpando wachiwiri."

Anamwalira pa 11 Ogasiti m'mawa, mayi Otília ali pambali pawo.

Pempho lawo lomaliza linali lakuti aikidwe m'manda awo akale, pamthunzi paja. Dzulo amalume a Samsoni anakana, potchula lamulo lija. Tinapita nalo kwa a mfumu ndi akuluakulu a adzukulu, n'kuwakumbutsa mawu ake enieni, omwe mudzi wonse unawamva kasanu ndi kanayi: munthu wamoyo asafukule manda ake. Tinafunsa ngati pali amene akukayika kuti ulendo uno munthuyu wamwaliradi. Panalibe. Adzukulu akumba m'mawa uno.

Thunthu la nthochi limaola, mphasa imaola, thabwa la gitala nalo likhoza kuola. Koma gitala yamagetsi ili ndi zitsulo, zomangira nsambo, maginito, mawaya. Adzukulu asefa dothi ndi manja. Apeza chitsulo chimodzi chokha, ndipo chili apa pansi pa nsalu iyi. Vundukulani, bambo Assane, anthu aone. Ndi khasu lakutha. Mukalikulunga m'mphasa pamodzi ndi mpini wake, limakhala lalitali, lotambalala mbali imodzi. Munthu amene sanakondepo khasu moyo wake wonse munamuika m'manda ndi khasu, ndipo mawu aja a mu 1977 anakwaniritsidwa ndi mwini wake yemwe anawanena.

Khalani pansi, amalume a Samsoni. Mpando wanuwo ndi wa akuluakulu, ndipo mbiri sinathe. Amene akukayika asavutike kundifunsa. Gitala ili apo paphewa la Feliciano. Yang'anani kotembenuza kokwezera mawu kaja, mukande penti ndi chikhadabo, muone ngati simupeza gudumu la sitima.

Malemu sanapemphe mlandu, ndipo banja silipita kubwalo. Sanapemphenso kuti gitalayo ilowe nawo m'manda. Anati, "Anaiika kale kamodzi, zakwana." Zomwe anapempha ndi izi. Kwaya iimbe nyimbo zake zonse mpaka kumanda, pakuti Feliciano anali mwana mu 1986 ndipo sanadziwe kanthu. Gitala ipite kwa Vânia, ndipo bokosi likamatsika aimbe nyimbo imodzi ya Os Travões, mokweza mpaka pomwe batire ingathere, bambo Assane akumenya ng'oma ya mpingo ngati chipembedzo chawo ndi chanu zingapirire mphindi zochepa. Khasu libwerere kwa mwini wake. Adzukulu aliika kale mpini watsopano. Malemu anati dothi loyamba aponye ndi akulu awo, ndi khasu lomweli, chifukwa pa ntchito yowakwirira ali ndi luso kuposa tonse.

Zomwe ndinalemba zathera apa, zinazi ndikungoona ndi maso monga inu. Feliciano wakanda penti. Zikomo, achimwene, musalire, simunabe ndinu. Vulani lamba pang'onopang'ono, waya angakoleni. Vânia, nyamuka, ulandire ndi manja awiri. Ndi yolemera kuposa chitini.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Otília, omwe lero akhala amasiye kachiwiri kwa mwamuna yemweyo. Asiya ana awiri, Ricardo ndi Vânia, zidzukulu zitatu, mlongo wawo mmodzi yemwe ndi mayi anga, ndi mkulu wawo mmodzi. Asiyanso mawailesi anayi a eni ake ku Mandimba omwe sanamalize kukonza, eni ake akaonane ndi Ricardo maliro akatha.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Cuamba chifukwa cha chisamaliro chawo. Likuthokoza bambo Assane, omwe anyamula thupi pa lole yawo kuchokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka pano, ndipo anakana kuti wina awathandize kuyendetsa. Likuthokoza anyamata a njinga a pamsika omwe abwera ambiri chonchi, amayi omwe aphika, a mfumu chifukwa chomva funso lathu mpaka kumapeto, ndi adzukulu omwe akumba dzenje limodzi kawiri. Likuthokozanso mpingo chifukwa chosunga katundu wa malemu pouma, ndi kumusinthira nsambo nthawi ndi nthawi. Nonse amene simunkadya nawo mbale imodzi, chakudya chilipo, ndipo ulendo uno palibe chowopa.

Amalume Estevão, poyamba paja tinakufunirani mtendere inu muli pamzere wa ufa, ndipo simunaulandire. Lero tikubwereza muli pompano. Mzimu wanu uuse mumtendere, koma muyambe mwadikira pang'ono, Vânia akumanga nsambo yachitatu.

Adzukulu, bokosi likhoza kunyamuka.